Mtsutso: Tiwalimbikitse Achinyamata Kuwerenga Nthano za Matsenga a M'tauni?

Mutu wa mtsutso uno ndi wakuti: makolo, aphunzitsi ndi oyang'anira malaibulale azilimbikitsa achinyamata kuwerenga mabuku a nthano za matsenga ndi a sayansi yopeka, makamaka aja otuluka motsatizana amene nkhani zake zimachitikira m'mizinda ya masiku ano.

Mabuku amenewa ali m'magulu awiri oyandikana. M'gulu la sayansi yopeka, wolemba amatenga luso kapena vuto limene lilipo lero n'kulikankhira kutsogolo zaka makumi kapena mazana kuti aone kumene lingakatifikitse. Ambiri amati gululi linayamba ndi Frankenstein, buku la Mary Shelley la mu 1818. Gulu linalo ndi la matsenga: mizukwa, ziwanda, opopa magazi, anthu osanduka nyama. Kale nkhani zambiri zotere zinkachitikira m'maufumu ongopeka a malupanga ndi akavalo, monga m'mabuku a J.R.R. Tolkien. Koma cha m'ma 1980 olemba ena, monga Emma Bull amene anatulutsa War for the Oaks mu 1987, anachotsa matsenga kunkhalango n'kuwabweretsa m'tauni, pakati pa magalimoto, apolisi ndi malandilodi. Ogulitsa mabuku amazitcha urban fantasy. Harry Dresden, wamatsenga wa m'mabuku a Jim Butcher a The Dresden Files amene anayamba kutuluka mu 2000, amakhala ku Chicago, amayendera kagalimoto kakutha ka Volkswagen, ndipo mwezi ukamatha mutu umamuzungulira ndi za lendi.

Ambiri mwa mabukuwa amalembedwa m'Chingerezi, ku America ndi ku Britain. Kuno amatipeza kudzera kwa ogulitsa mabuku akale, m'makatoni a mphatso opita m'masukulu, ndiponso pa foni. Kuti akuwerengedwa kale, zimenezo palibe akutsutsa. Nkhani ili pakuti kodi akuluakulu aikepo dzanja lawo kapena ayi.

MBALI YOVOMEREZA

1. Mabukuwa amachititsa mwana kuwerenga popanda womuimirira ndi ndodo.

Aphunzitsi a Chingerezi amadziwa kumene vuto lagona: ana ambiri sawerenga china chilichonse kupatula manotsi okopera pa bolodi. Stephen Krashen, katswiri wa ku America pa kaphunziridwe ka zilankhulo, anasonkhanitsa umboni m'buku lake The Power of Reading la mu 1993 woonetsa kuti munthu amatola mawu atsopano ndi kayalidwe ka ziganizo makamaka powerenga zimene wasankha yekha chifukwa zikumukomera. Iye amalimbikitsanso kuti wophunzira chilankhulo akakamire kwa kanthawi pa wolemba mmodzi kapena pa mndandanda umodzi wa mabuku. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Buku loyamba limalimba: maina ndi achilendo, kalankhulidwe ka wolembayo sunakazolowere. Lachiwiri umalowamo ukudziwa kale kuti uyu ndani, amakhala kuti, amadana ndi yani, ndiye maganizo onse amangopita pa nkhani. Pofika lachisanu mwana uja wadutsa masamba oposa 1,000 iye osazindikira n'komwe. M'dziko limene satifiketi ya MSCE sapereka kwa munthu amene walephera Chingerezi, masamba amenewo si ocheza. Amene anakula ndi timabuku ta Pacesetters m'zaka za m'ma 1980 angachitire umboni. Panalibe wowauza kuti awerenge. Ankangolandizana kunsi kwa desiki mpaka chikuto kuthothoka.

2. Nthano za zodabwitsa n'zathu kale. Chasintha ndi malo ochitikira.

Aliyense amene anakhalapo pamoto madzulo n'kumayankha kuti "tili tonse" anamva za Kalulu wolankhula, za mwana woumbidwa ndi dothi amene ankathawa mvula, za mbalame youlula munthu wopha mbale wake. Palibe gogo amene anaimbidwapo mlandu wophunzitsa adzukulu bodza. Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka chija amati chikamasamuka kuphiri chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi, n'kumangapo ndakatulo zimene zimaphunziridwa mpaka kusukulu zaukachenjede. Chimene olemba a matsenga a m'tauni achita ndi kusamutsa nthano kuti itsate anthu kumene anasamukira.

Tione chitsanzo chimodzi bwinobwino. Mu Rivers of London, buku la Ben Aaronovitch la mu 2011, wapolisi wachinyamata Peter Grant, amene mayi ake ndi ochokera ku Sierra Leone, akulondera usiku pamalo pamene paphedwa munthu ku Covent Garden. Pakutulukira mboni yonena kuti yaona zonse. Peter akutulutsa kabuku kake kuti alembe sitetimenti, ndipo posakhalitsa akuzindikira kuti mboniyo ndi mzukwa wa munthu amene anafa kalekale. Kuthawa sakuthawa, akupitiriza kufunsa mafunso, poti ndiyo ntchito imene anaphunzira. Kuchokera apo akumutumiza ku kanthambi kobisika ka polisi kamene katsala ndi bwana mmodzi yekha, wamatsenga wa boma. M'bukuli mitsinje ya mu London ili ndi eni ake. Mwini wa Thames wa kumunsi ndi mayi wa ku Nigeria amene anabwera kudzaphunzira unamwino, ndipo ana ake ndi timitsinje monga Fleet ndi Tyburn, timene tilikodi koma tinakwiriridwa pansi pa misewu zaka zambiri zapitazo. Munthu amatseka bukulo atadziwa mbiri ya mzindawo kuposa mmene buku la jogalafe likanamuuzira. Ndipo mwana wa ku Ndirande akaliwerenga sangalephere kudzifunsa kuti mwini wa mtsinje wa Mudi akanakhalapo, akanawauza zotani anthu amene amakhuthuliramo zinyalala.

3. Amanena zoona zowawa m'njira yoti wachinyamata atchere khutu.

Lauren Beukes wa ku South Africa anatulutsa Zoo City mu 2010, ndipo chaka chotsatira bukuli linapata mphoto ya Arthur C. Clarke ku Britain. Nkhani yake ili ku Hillbrow mu Johannesburg, dera limene opita ku Joni salisowa. M'dziko la bukuli, munthu akapalamula mlandu waukulu monga kuphetsa mnzake, amangopezeka ali ndi nyama yomukakamira imene sangasiyane nayo. Aliyense womuona ndi nyamayo amadziwa kuti uyu ali ndi mbiri, ndiye ntchito yabwino sapeza, nyumba yabwino samupatsa. Zinzi December, mtsikana wa m'nkhaniyi, amalemba makalata obera anthu pa intaneti kuti abweze ngongole, ndipo bwenzi lake ndi wothawa nkhondo ku Congo. Mukachotsamo nyamazo mutsala ndi nkhani ya tsankho, ya anthu otuluka kundende, ya obwera amene eni dziko sawafuna. Lipoti la bungwe lonena zomwezi wachinyamata angalisiyire pa tsamba lachitatu, pomwe bukuli amalimaliza.

T.L. Huchu, mbadwa ya ku Zimbabwe yokhala ku Scotland, anayenda njira yofanana mu The Library of the Dead ya mu 2021. Ropa Moyo ndi mtsikana amene wasiya sukulu kuti asamale agogo ake ndi mng'ono wake m'dera la osauka kumalire a mzinda wa Edinburgh. Ganyu wake ndi wotenga mauthenga kwa akufa n'kukatula kwa abale awo amoyo, molipiritsa, ndipo mizukwa amaimva bwino akamaimba mbira. Mwana wosiya sukulu kuti pakhomo padyedwe tonse timamudziwa.

4. Sayansi yopeka imazoloweretsa munthu kuganiza za mawa.

Robert Goddard, amene mu 1926 anaulutsa roketi yoyamba yoyendera mafuta amadzimadzi, anatengeka mtima ndi za mlengalenga ali mnyamata atawerenga The War of the Worlds ya H.G. Wells. Mae Jemison, mayi wakuda woyamba kupita mumlengalenga mu 1992, wakhala akunena kuti chinamulimbikitsa ndi kuona mayi wakuda akugwira ntchito m'chombo m'sewero la pa kanema la Star Trek. Kwathu kuno olemba anayambapo kale. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka 500 zikubwerazo, ndipo anatsogolera ntchito yotulutsa Imagine Africa 500 ku Lilongwe, buku losonkhanitsa nkhani za olemba a m'maiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo a kuno monga Muthi Nhlema. Namwali Serpell wa ku Zambia anapata mphoto ya Clarke mu 2020 ndi The Old Drift, nkhani yoyambira pa Zambezi m'nthawi ya atsamunda n'kukathera pa timakina touluka tating'ono ngati udzudzu. Dziko limene linadzilembera masomphenya a Malawi 2063 likusowa anthu amene mitu yawo inazolowera kufunsa kuti zinthu zikapitirira chonchi, adzukulu athu adzapeza zotani.

5. Kusangalala nakonso ndi phindu.

Woonera mpira wa Bullets ndi Wanderers sitimufunsa kuti waphunzirapo chiyani. Tolkien anawayankhapo anthu onena kuti nthano ndi kuthawa moyo weniweni: anati msilikali wothawa nkhondo ndi wosiyana ndi wandende wolakalaka kunja, ndipo wachiwiriyu sayenera kunyozedwa. Namwino woweruka ntchito ya usiku, kapena mnyamata amene wayenda tsiku lonse ndi envulopu ya makalata ofunsira ntchito, akapeza mpumulo m'buku osati m'botolo, ovomereza sakuona cholakwa.

MBALI YOTSUTSA

1. Nthano imene ku Chicago ndi masewera, kuno inaphetsapo anthu.

Mabuku a matsenga a m'tauni amadalira pangano la pakati pa wolemba ndi wowerenga: tonse tikudziwa kuti mu Chicago mulibe opopa magazi, ndiye tiyeni tiyerekeze kuti alimo. Kukoma kwake kwagona pamenepo. Koma panganoli siligwira paliponse. Mu September 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mu Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa, apolisi anamanga anthu oposa 100, ndipo bungwe la United Nations linayamba lachotsa antchito ake m'maboma ena a kumwera. Nkhalamba zimapirikitsidwa m'midzi, zina kuphedwa kumene, pozinamizira ufiti, chikhalirecho lamulo la Witchcraft Act la mu 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Pamalo otere, akutero otsutsa, buku limene tsamba ndi tsamba likunena kuti kuseri kwa moyo wa tsiku ndi tsiku kuli dziko lobisika, kuti mnansi wako mwina si munthu wamba, kuti aboma akudziwa koma akubisa, likungothirira mbewu imene inamera kale.

Chitsanzo chovuta kwambiri ndi Akata Witch ya Nnedi Okorafor, ya mu 2011. Ndi buku lolembedwa mwaluso ndiponso ndi mtima wabwino. Sunny, mtsikana wachialubino wokhala ku Nigeria, ndiye ngwazi. Amakonda mpira, ndipo iye ndi anzake amalimbana ndi chigawenga chopha ana. Koma m'nkhaniyo ualubino wake ndi wolumikizana ndi mphamvu zake zamatsenga, mpaka matsengawo amamuchotsera vuto lopsa ndi dzuwa. Bungwe la Amnesty International linalengeza mu 2016 kuti anthu achialubino osachepera 18 anali ataphedwa m'Malawi kuyambira November 2014, ndipo chimawaphetsa ndi bodza lakuti m'matupi mwawo muli mphamvu zolemeretsa. Mabungwe awo atha zaka akuphunzitsa kuti iwo ndi anthu ngati wina aliyense, opanda chodabwitsa m'mafupa. Kodi mphunzitsi angangopereka bukuli kwa ana a Fomu 1 osayamba wasinkhasinkha?

2. Makolo ambiri ali ndi chifukwa cha chipembedzo, ndipo si chaumbuli.

Deuteronomo 18 amaletsa kuombeza, kuchita matsenga ndi kufunsira kwa akufa. Chisilamu nachonso chimaletsa matsenga mwamphamvu. Mabuku tikukambawa amatenga zinthu zomwezo n'kuziika m'manja mwa munthu amene wowerenga akumuchemerera. Nkhawayi si ya kuno kokha. Ku America, kwa zaka zingapo cha m'ma 2000, mabuku a Harry Potter ndi amene ankatsogola pa mabuku amene anthu ankapempha kuti achotsedwe m'malaibulale. Ovomereza amathamangira kuyankha kuti Tolkien ndi C.S. Lewis, wolemba nthano za Narnia, anali Akhristu olimba. N'zoona. Koma ngwazi za Lewis siziitana chiwanda kuti zigule chinsinsi kwa icho, zimene Harry Dresden amachita. Kholo limene laona kusiyana kumeneku lawerenga bwino, ndipo sukulu ilibe ufulu woliderera.

3. Mndandanda umadya ndalama ndi nthawi.

Mndandanda uli ngati katapira: kulowa n'kosavuta, tsiku lotuluka silidziwika. The Dresden Files inali itafika mabuku 17 pofika 2020, nkhani isanathe. George R.R. Martin anayamba A Song of Ice and Fire mu 1996, anatulutsa buku lachisanu mu 2011, ndipo owerenga adikira lotsatira kwa zaka zoposa 10. Robert Jordan anamwalira mu 2007 asanamalize The Wheel of Time. Anadzamaliza ndi Brandon Sanderson mu 2013, pa buku la 14. Osindikiza amakonda mndandanda chifukwa wogula buku loyamba ndi kasitomala wa lachiwiri, ndipo nthawi zina nkhani yoyenera kuthera pa mabuku atatu amaikoka mpaka itasukuluka.

Kwa wowerenga wa kuno vutoli limakulirako. Mabukuwa amaitanitsidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zonse zochokera kunja zinakwera mtengo. Otsala ndi ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Mukanjuta pa mulu wawo mupeza buku lachitatu ndi lachisanu ndi chiwiri a mndandanda womwewo, lina masamba omaliza atachoka, loyamba palibe, wogulitsa n'kukuuzani kuti mudzayendere sabata yamawa, bwana, katundu wina ali m'njira. Mapeto ake achinyamata amatumizirana makope akuba pa WhatsApp. Wolemba salandirapo kanthu, ndipo mwana amakula akudziwa kuti buku sagula, maganizo amene adzapweteke olemba athu omwe. Za nthawi ndiye n'zodziwikiratu. Buku lililonse limatha mokusiya m'malere kuti ufune linzake, ndipo wa Fomu 4 amene wakodwa mwezi wa mayeso sadzipulumutsa yekha.

4. Ambiri mwa mabukuwa sanalembedwere ana.

Kholo likaona chinjoka kapena mwezi pachikuto limangoti ndi za ana. Chikhalirecho mabuku a Laurell K. Hamilton onena za Anita Blake, amene anayamba mu 1993 ngati nkhani zofufuza milandu, m'kupita kwa nthawi anadzaza ndi zogonana zofotokozedwa mosabisa. Mabuku a Charlaine Harris ndi amene anabala sewero la True Blood, limene ndi la akuluakulu okhaokha. Ngakhale Zoo City imene ovomereza aitamayo muli mankhwala ozunguza bongo ndi kupha anthu pofuna zizimba. Makatoni a mphatso kawirikawiri amafika osasankhulidwa, ndipo woyang'anira laibulale ya sukulu amakhala mphunzitsi amene ali ndi makalasi ake, wopanda mpata wowerenga buku lililonse asanaliike pa shelefu.

5. Amaphunzitsa mizinda ya eni ndi njira zachidule.

Mwana atha kuloweza masiteshoni a sitima za pansi pa London chifukwa cha Neverwhere ya Neil Gaiman, koma osaigwirapo Nthondo ya Samuel Ntara kapena Njala Bwana ya Willie Zingani. Nthawi yowerenga ndi yochepa, ndipo imene yapita uku yachoka uko. Komanso nkhani zambiri za mtunduwu zimazungulira pa munthu wobadwa ndi mphatso, wosankhika, amene amathetsa mavuto ndi mphamvu zimene anzake alibe. Kuno kumene za kukhwima ndi za kulemera usiku umodzi zili kale m'kamwam'kamwa, uthenga wotere sutithandiza. Otsutsa amakumbutsa za William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa cha kusowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, buku limene linamuonetsa njira yomangira makina opukusa magetsi ndi mphepo linali Using Energy, buku la sayansi yeniyeni limene analipeza m'kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale. Ngati shelefu ili ndi malo a mabuku 50 okha, akutero, tiyambe taikapo otere.

CHIGAMULO

Mfundozi sizilemera mofanana, choncho ndi bwino kuzipatula.

Za mtengo, za kutalika kwa mndandanda ndi za msinkhu n'zoona, koma ndi mavuto a kasankhidwe, ndipo njira yake ilipo. Alipo mabuku othera pomwepo, monga Zoo City kwa akuluakulu. Ilipo mindandanda imene buku lililonse limamaliza mlandu wake, moti wopeza lachitatu lokha pamsewu sanataye ndalama. Shelefu ya ana itha kusiyanitsidwa ndi ya akulu. Mfundo ya Kamkwamba ndi yokoma kumva, koma ikumenyanitsa zinthu zosadana. Mwana amene anazolowera kukhala pansi ndi buku maola awiri ndi yemweyo amene angapirire pa buku la fizikisi. Amene sawerenga n'komwe sangalitsegule ngakhale mutamuikira pamphuno. Pa za wosankhika uja, otsutsa aphatikiza mabuku onse m'thumba limodzi. Peter Grant amatha masabata ambiri akuyeserera kamatsenga kamodzi koyatsa kuwala m'dzanja, amakakamizidwa kuphunzira Chilatini, ndipo chilichonse amachiyesa mobwereza n'kulemba zotsatira. Za usiku umodzi mulibemo.

Mfundo ya chipembedzo ndi ya pakhomo, ndipo pakhomopo ilemekezedwe. Kholo lili ndi ufulu wouza mwana wake kuti buku ili m'nyumba muno ayi, ndipo mphunzitsi asaumirize mwana wotere kuliwerenga. Koma ufuluwo umathera pa mwana wako. Sungakhale chifukwa chochotsera mabuku mu laibulale ya anthu onse.

Yatsala ndi yoyamba ija, ndipo ndiyo yolemera kuposa zonse. Ine ndikuiona chonchi. Mphekesera za opopa magazi sizinabwere ndi mabuku. Zinavutapo kale m'chigawo cha kumwera kumapeto kwa 2002, ndipo wolemba mbiri Luise White, m'buku lake Speaking with Vampires la mu 2000, anaonetsa kuti nkhani zotere zinkayenda m'nthawi ya atsamunda, ku Northern Rhodesia opopawo akutchedwa banyama, mabuku a matsenga a m'tauni asanaganiziridwe n'komwe. Mphekesera imapha chifukwa imabwera ngati nkhani yoona: ndamva kwa uje, amene msuweni wake anaona ndi maso. Buku la nthano limabwera ndi dzina la wolemba pachikuto, likuvomera lokha kuti ndi lopeka. Wowerenga amene waona mmene wolemba amakonzera mantha, kubisa ichi n'kudzaulula icho pa nthawi yake, ali ndi mwayi wozindikira luso lomwelo likamubwerera mu uthenga wa mawu pa foni. Sindikuti bukulo ndi katemera. Ophunzira bwino okhulupirira za anamapopa aliponso. Koma kutsekera buku lovomera kuti ndi nthano, kwinaku mphekesera zikuyenda momasuka, ndi kulanga wosalakwa.

Komabe otsutsa apambana pa chinthu chimodzi chachikulu: buku lomwelo silimveka chimodzimodzi ku Edinburgh ndi ku Phalombe. Akata Witch ndingaipereke kwa wophunzira, koma osati mongomuponyera. Mphunzitsi akhale pansi ndi kalasi, afunse kuti ndi ziti m'bukuli zimene munthu wachialubino amakumana nazodi, monga kunyozedwa ndi kupsa ndi dzuwa, nanga ndi ziti zongopeka, ndipo anene momveka kuti Sunny weniweni amafunika chipewa ndi mafuta oteteza khungu. Nayenso wolemba wa kwathu amene akufuna kuika matsenga mumsika wa Lilongwe kapena pa depoti ya Wenela wasenza udindo umene Jim Butcher alibe. Akatenga gogo wosauka wokhala yekha n'kumusandutsa mfiti ya m'nkhani yake, adziwe kuti owerenga ena ali ndi gogo wotere kuseri kwa nyumba yawo.

Choncho mbali yovomereza yapambana, koma mutuwo uyenera kukonzedwa: kulimbikitsa kukhale kosankha malinga ndi msinkhu, kosakakamiza, ndipo pamene buku likukhudza ufiti, ualubino kapena opopa magazi, wamkulu akhalepo pokambirana. Inu a malaibulale, buku lotere liwerengeni kaye musanaliike pa shelefu ya ana, ndipo mukamagula mabuku khumi a mtunduwu, awiri kapena atatu akhale a olemba a kuno ndi a maiko oyandikana nafe.